Maluwa a jakaranda ndi a pepo, nanga bwanji pa foni ya mwana akutuluka a buluu?

Okutobala akangofika kuno ku Joni misewu ya ku Kensington, Parkview, Saxonwold, Melville mpaka Houghton imasanduka pepo yokhayokha, m'mwamba pepo pansi pepo, ndipo ana athu a sukulu, ena ndi mafoni awo ena obwereka ya mayi awo, amayamba kujambula osapuma. Ena ndi homuweki ya Natural Sciences, ena angozikonda basi. Nde dandaulo limakhala limodzi lomwelo, maluwa aja pamaso ndi a pepo koma pachithunzi atuluka a buluu, pena pinki wozilala, mwana nkumati foniyi ndi yachabechabe, kholo nalo nkumati iwe ukungodzaza memory ndi kutha data yanga. Onse awiri sakulondola. Foniyo ilibe vuto, ndipo funso limene mwanayo wagundana nalo ndi lalikulu ndithu, muli nkhani ya kuwala, ya zomera, ya diso la munthu komanso ya kamera, zonse pamodzi.

Poyambira ndi apa, mtundu sukhala mu duwa mokha. Kuti muone pepo pamafunika kuwala kogwera pa duwalo, duwa lenilenilo, ndi chimene chikuyang'ana, kaya ndi diso kaya ndi kamera. Mukasintha chimodzi mwa izi mtundu nawo umasintha ngakhale duwa lili lomwelo.

Kuwala kwa dzuwa timakuona koyera koma muli mitundu yonse ya utawaleza yosakanikirana. Isaac Newton anasonyeza zimenezi cha m'ma 1666 podutsitsa kuwala mu galasi la ngodya zitatu, nkutuluka kufiira, olenji, chikasu, kubiriwira, buluu mpaka pepo. Kuwala kumayenda ngati mafunde ndipo kutalika kwa funde ndi kumene kumapanga mtundu. Diso lathu limaona kuyambira pafupifupi 400 mpaka 700 nanometer, muyeso waung'ono kwambiri woyezera kutalika kwa mafundewa, kumunsi kwa 400 kuli ultraviolet, kumtunda kwa 700 kuli infrared, zonsezi zilipo tsiku lililonse koma ife sitiziona. Kuwalaku kukagwera pa duwa, duwalo limameza mitundu ina nkubweza ina, ndipo yobwezedwayo ndi imene imafika m'maso mwathu. Duwa lofiira lameza buluu ndi kubiriwira labweza kufiira. Jakaranda amameza kwambiri zapakati, kubiriwira ndi chikasu, nkubweza buluu wambiri ndi kufiira pang'ono, nde ubongo wathu ukalandira ziwirizi pamodzi umati pepo. Musaiwale zimenezi chifukwa vuto la chithunzi lija likuchokera pomwepa, pepo wa duwa ndi msakanizo wa mbali ziwiri zotalikirana, ukangopendekera pang'ono mbali imodzi wasanduka buluu, ukapendekera mbali inayo wasanduka pinki.

Nanga chimameza kuwalako ndi chani? Ndi utoto wachilengedwe umene uli m'maselo a timasamba ta duwa. Waukulu kwambiri ndi anthocyanin, umenewu ndi umene umapereka kufiira, pinki, pepo ndi buluu, ndipo ife Amalawi timaudziwa bwino ngakhale dzinalo ndi lachilendo, chifukwa ndi womwe uja umafiiritsa chidede. Wina ndi carotenoid, wa chikasu ndi olenji, uli mu mpendadzuwa, mu karoti, mu dzungu. Wachitatu ndi betalain, uli mu beetroot, mu bonongwe wofiira uja, ndi mu bougainvillea amene wayanga pa mipanda yambiri kuno. Za bougainvillea, muuzeni mwana asendere pafupi aone, zofiira kapena za pinki zija si duwa ayi, ndi masamba osinthika, duwa lenileni ndi kakang'ono koyera kali pakatipo. Anthu ambiri akhala ndi mtengowu pakhomo zaka ndi zaka osakaona kaduwako.

Anthocyanin ali ndi khalidwe lake, amasintha mtundu malingana ndi kuwawasa kwa madzi amene alimo. Izi mwana atha kuziyesa kukhitchini popanda kugula kanthu. Wiritsani chidede, kapena ngati kulibe tengani kabichi wofiira wa m'shopu, madzi ake muwagawe m'makapu atatu. Kapu yoyamba finyirani mandimu, muona kufiira kukuwala kwambiri. Yachiwiri isiyeni. Yachitatu thiranimo soda wophikira thelele uja, kapena chidulo ngati muli nacho, mtundu uthawira ku buluu mpaka kubiriwira kodera. Utoto ndi umodzi womwewo koma mitundu itatu. M'maselo a duwa zimachitikanso choncho, kuphatikizapo tizitsulo tina tochepa timene timagwirana ndi utotowo. Achimwene athu amene amagwira ntchito ya m'gadeni ku ma suburb amazidziwa izi ndi manja, hydrangea yemwe kuno amamutcha Christmas rose amatulutsa buluu pa dothi lowawasa chifukwa pamenepo mizu imatha kukoka aluminium, koma pa dothi lothiridwa laimu amatulutsa pinki. Mwana amene bambo ake kapena ankolo ake ndi a gadeni ali ndi mphunzitsi m'nyumba momwemo, kungoti timapeputsa ntchitoyi nde sitifunsa.

Buluu weniweni ndi wovuta kupanga mu zomera. Rose alibe chibadwa chopangira anthocyanin wa buluu, ndiye ma rose a buluu amene amagulitsidwa nthawi ya Valentine ndi oyera omwetsedwa utoto. Kampani ya ku Japan ya Suntory pamodzi ndi Florigene ya ku Australia anavutika zaka zambiri kusintha chibadwa cha rose, analengeza mu 2004 kuti atha, koma ukamuona duwalo ndi pepo wozilala basi. Duwa loyera nalo lili ndi chinsinsi chake, mulibe utoto woyera, muli timipata ta mpweya pakati pa maselo timene timamwaza kuwala konse. Tengani kasamba ka duwa loyera mukafinye ndi zala mwamphamvu, mpweya ukachoka kamasanduka koonekera mkati.

Tsono maluwa sadzikongoletsa chifukwa cha ife. Mitundu ija ndi chikwangwani choitanira amene adzanyamule mungu. Njuchi zimaona ultraviolet, buluu ndi kubiriwira, koma kufiira zimakuona movutikira, ndipo munthu amene anatsimikizira kuti njuchi zimasiyanitsa mitundu ndi Karl von Frisch cha m'ma 1914, yemwe anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1973. Maluwa ambiri a chikasu amene kwa ife ndi mtundu umodzi, kwa njuchi ali ndi bwalo lakuda pakati losonyeza pamene pali timadzi totsekemera. Mbalame zimaona kufiira bwinobwino, nde onani ma aloe amene amachita maluwa mu Juni ndi Julaye ku Melville Koppies kapena ku The Wilds, ofiira ndi a olenji, ooneka ngati timapaipi, ndipo amene amabwera ndi timbalame tamilomo yaitali yokhota tija totchedwa sunbird. Oyera onunkhira usiku akudikira agulugufe ausiku. Mwana akajambula duwa mufunseni kuti iwe duwa limeneli likuitana ndani, mudzaona kuti ayamba kudikira ndi foni m'manja mpaka mlendoyo atere.

Maluwa ena amasintha mtundu akadali pamtengo. Muli chitsamba china m'magadeni ambiri a Joni, Brunfelsia, chimene anthu amachitcha yesterday today and tomorrow, duwa limatseguka la pepo wakuda, kenako limazilala, kenako loyera, zonse m'masiku ochepa. Lantana nayenso tiduwa take timayamba ta chikasu nkusanduka pinki kapena kufiira tikalandira mungu, ngati kuuza tizilombo kuti kuno kwatha pitani kwa tinzanga. Imeneyi ndi projekiti yabwino kuposa kudula zithunzi za pa intaneti, mwana amange kaulusi pa duwa limodzi azilijambula m'mawa uliwonse nthawi yofanana.

Tibwere kwa woyang'ana. M'diso la munthu muli mitundu itatu ya maselo oona mitundu, ena amamva kwambiri mafunde aafupi a ku buluu, ena apakati a kubiriwira, ena aatali a ku chikasu ndi kufiira, ndipo ubongo umayerekeza kuti gulu liti lakhudzidwa mochuluka bwanji nkupanga mtundu. Pali anthu, makamaka anyamata chifukwa chibadwa chake chimayenda pa X chromosome, amene gulu limodzi siligwira bwino nde amasokoneza kufiira ndi kubiriwira. Ngati mwana wanu akulephera kuona maluwa ofiira pakati pa masamba pomwe anzake akuwaona ali patali, si ulesi kapena chibwana, mupite naye akamuyeze maso.

Kamera imayesa kutsanzira diso koma mwa njira yake. Kuseri kwa lenzi kuli sensa yokhala ndi timadontho mamiliyoni, ma pixel, ndipo kadontho kalikonse sikadziwa mtundu, kamangowerenga kuti kuwala kwabwera kochuluka bwanji. Nde pamwamba pa kalikonse anaikapo kagalasi ka mtundu, kofiira, kobiriwira kapena ka buluu, pa timadontho tinayi tiwiri ndi tobiriwira kamodzi kofiira kamodzi ka buluu. Dongosololi anapanga ndi Bryce Bayer wa ku Kodak ndipo chiphaso chake chinatuluka mu 1976, koma ganizo loti mitundu itatu ikwanira ndi lakale, James Clerk Maxwell anasonyeza chithunzi choyamba cha mitundu mu 1861 pogwiritsa ntchito magalasi atatu omwewa. Ndiye kuti pa kadontho kalikonse foni imayeza mtundu umodzi wokha, iwiri yotsalayo imachita kuyerekeza poyang'ana timadontho toyandikana. Chithunzi chimene mumaona ndi masamu a foni, osati duwa lija.

Timagalasi timeneti sitimva kuwala ndendende mmene maselo a diso amamvera. Pa nkhope ya munthu, pa udzu, pa thambo, opanga mafoni anakonza masamu awo mosamala chifukwa ndi zimene anthu amajambula kwambiri. Pa pepo ndi pamene kusiyanako kumaonekera, kufiira kochepa kuja kumene diso limakumva mu jakaranda kamera ina imakuwerenga kochepa kwambiri, kwatsala buluu. Kale nthawi ya filimu vuto linali la mbali inayo, maluwa a buluu ngati morning glory ankatuluka pinki chifukwa amabweza kwambiri kufiira kwa kumapeto kwenikweni kumene diso limakuona movutikira koma filimu inkakugwira. Kuti mwana akhulupirire kuti kamera ndi diso siziona zofanana, mpatseni rimoti ya TV aloze ku kamera ya selfie nkudina batani, pa mafoni ambiri muona kanyali kakuthwanima pa sikirini pomwe ndi maso simukuona kalikonse. Imeneyo ndi infrared.

Chifukwa chachiwiri, ndipo ichi ndi chimene chimapweteka zithunzi zambiri, ndi white balance, kutanthauza mmene foni imakonzera mitundu kuti choyera chizituluka choyera. Kuwala sikufanana tsiku lonse, masana kuli cha pa 5500 kelvin, umene ndi muyeso wa mtundu wa kuwala, dzuwa likamalowa kumatsikira cha ku 3000 kumakhala kofiirira, mumthunzi kumakwera kupitirira 7000 chifukwa kumene kukuwalitsa ndi thambo la buluu. Ubongo wathu umakonza zimenezi wokha osatiuza, shati yoyera ya yunifolomu timaiona yoyera m'mawa ndi madzulo omwe. Foni iyenera kuchita kulota kuti kuwala kuli kwamtundu wanji, ndipo imalota poyang'ana zimene zili m'chithunzimo. Tsono mwana akadzaza sikirini yonse ndi pepo foni imasokonezeka, imaganiza kuti kuwala ndi kumene kwapendekera nkuyamba kukonza chinthu chosalakwika. Ndipo pansi pa jakaranda ndi pamthunzi, nde buluu wawonjezekanso. Mankhwala ake ndi osavuta, m'chithunzimo mukhale kanthu koyera kapena kotuwa, khoma, msewu, ngakhale pepala la m'kope pakona. Mafoni ambiri a Android ali ndi Pro mode, m'menemo muli WB, ndiye white balance ija, mwana asunthe kachizindikiroko uku akuyang'ana duwa lenileni mpaka ziwirizi zifanane. Kuyang'ana kumeneko, duwa kenako sikirini kenako duwa, kwa ine ndiye phunziro lenileni, chifukwa mwana amayamba kuona kuti pepo alipo wamitundumitundu.

Maluwa ofiira ali ndi vuto lawo. Kadontho kalikonse ka sensa kali ngati ndowa pa mvula, ikadzaza yadzaza, madzi ena amangotayika. Pa chithunzi wamba mtundu uliwonse umawerengedwa kuyambira 0 mpaka 255. Rose wofiira pa dzuwa la masana amadzazitsa ndowa zofiira zonse kufika 255 pomwe zobiriwira ndi za buluu zili pafupifupi zopanda kanthu, foni poona kuti chithunzi chonse sichinawale kwambiri imapitiriza kulowetsa kuwala, mapeto ake duwa limatuluka chibanthu chofiira chopanda mizere kapena mapindidwe. Dinani pa duwalo pa sikirini, pabwera kadzuwa kapena kamzere pambali, kokerani pansi pang'ono mpaka mitsempha ya timasamba ionekere. Chithunzi chodera pang'ono chimakonzeka pambuyo pake, chopserera sichibwerera.

Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 ndipo dzuwa lake la masana ndi laukali, mithunzi yakuda bii, zowala zothobwa m'maso. Nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa litangotuluka, mu Okutobala ndi cha m'ma 5:30, mphepo isanayambe kugwedeza maluwa, kapena madzulo. Koma yoposa zonse ndi pamene mvula ya mabingu ya masana ija yangokata kumene mitambo ikadalipo, fumbi latsukidwa, kuwala kwafewa, mitundu imatuluka yokhuta. Ngati palibe kuchitira mwina koma masana, mnzake aimirire atchinge dzuwa ndi thupi lake kapena ambulera, koma ambulera ikhale yoyera kapena yakuda, yofiira ipaka duwa kufiira. Yesaninso kujambula dzuwa lili kuseri kwa duwa, timasamba topyapyala ta cosmos kapena poppy timawala ngati tayatsidwa mkati. Fulashi izimitsidwe. Zoom yokoka ndi zala ija pa mafoni ambiri ndi kungodula chithunzi nkuchikulitsa, bola kusendera ndi miyendo, koma osapitirira, kamera yaikulu ya foni imalephera kuona bwino chinthu chikayandikira kuposa masentimita 8 kapena 10 pokhapokha ili ndi macro, yojambulira zinthu pafupi kwambiri. Ndipo pukutani lenzi ndi nsalu, foni yomwe yagwiridwa ndi manja a vetkoek imajambula nkhungu.

Chithunzi chija chikatumizidwa kwa agogo ku Zomba kapena ku Mzimba chimasinthanso kawiri. WhatsApp imachifinya kuti chichepe, ndipo pofinya chimene chimayamba kutayika ndi tsatanetsatane wa mitundu, nde ngati ndi cha homuweki tumizani ngati document kapena dinani HD. Kenako sikirini ya foni ya agogo ili ndi maonetsedwe ake, ina imakokomeza mitundu ina imazilalitsa, ndipo ngati night mode yochotsa buluu ili yoyatsa jakaranda yense aoneka pinki. Ikani mafoni awiri pamodzi ndi chithunzi chimodzi muone. Ma filter ndiye sindiwafuna pa ntchito imeneyi, mwana asunge choyambacho kaye, azisewera ndi kope lake.

Kojambula kulipo chaka chonse. Ogasiti ndi Seputembala mitengo ya coral imachita maluwa ofiira pa nthambi zopanda masamba, ma clivia a olenji m'mithunzi. Okutobala ndi Novembala jakaranda, nthawi yomwe a matric akulemba mayeso, ndipo ophunzira a ku Wits ndi ku Pretoria ali ndi kachikhulupiriro kawo koti duwa likakugwera pamutu wakhoza, komanso ngati aphuka iwe usanayambe kuwerenga ndiye kuti wachedwa. Mtengowu si wa kuno, kwawo ndi ku South America, ku Pretoria unafika mu 1888, ndipo ndi womwe uja timauona ku Blantyre ndi ku Zomba. Disembala agapanthus wa buluu, uyu ndiye wa kuno ndipo amavutitsa kamera chimodzimodzi. Malichi ndi Epulo cosmos m'mbali mwa misewu ikuluikulu, naye ndi mlendo wochokera ku America. Ku Johannesburg Botanical Garden ku Emmarentia kuli dimba lalikulu la ma rose ndipo kulowa ndi kwaulere, ku Walter Sisulu National Botanical Garden ku Roodepoort mumalipira pageti koma kuli zomera za kuno zenizeni, mathithi a Witpoortjie ndi ziwombankhanga zakuda zomanga chisa pathanthwe. M'malo amenewa kuthyola duwa nkoletsedwa. Ndipo tonse tikudziwa mmene foni imathawira m'manja mu tauni muno, nde ana asapite okha, pakhale wamkulu, wina akujambula wina akuyang'ana msewu.

Kwa ana okulirapo pali app ya pa foni yotchedwa iNaturalist, umakweza chithunzi anthu odziwa zomera nkukuthandiza dzina lake, ndipo zimene wakwezazo akatswiri kuphatikizapo a SANBI, bungwe loona za zomera ndi nyama kuno ku South Africa, amazigwiritsa ntchito pofufuza. Kumapeto kwa Epulo chaka chilichonse kumakhala City Nature Challenge, mpikisano wa mizinda wojambula zamoyo za m'chilengedwe umene unayamba mu 2016 pakati pa Los Angeles ndi San Francisco. Kwa aang'ono pali app ina yotchedwa Seek, yochokera kwa a iNaturalist omwewo, yosafuna akaunti. Pamenepo chithunzi chokongola chokha sichikwanira, ajambule duwa, tsamba, tsinde ndi chomera chonse. Mwana wotere tsiku lomwe mudzapite naye kumudzi nthawi ya dzinja mukafike naye ku Nyika, kumene kuli mitundu ya ma orchid yoposa 200 imene imaphuka ndi mvula.

Chomaliza chimene ndikufuna ana ayesere ndi kupanga chithunzi ndi duwa lenilenilo popanda foni. John Herschel analemba za njira imeneyi mu 1842, imatchedwa anthotype. Sinjani timasamba ta maluwa ofiira kapena a pepo mu kamtondo, thiranimo madzi pang'ono, sefani ndi kansalu, pakani madziwo pa pepala lolimba kawiri kapena katatu nkuliumitsa mumdima. Chidede, beetroot kapena sipinachi zimagwiranso. Likauma ikani tsamba la fern kapena duwa lophwatalala pamwamba, tsindirani ndi galasi la fulemu yakale, muike padzuwa. Dzuwa limazilalitsa utoto paliponse pamene lafika, pamene tsamba latchinga pamatsala mtundu. Sipinachi amatha maola ochepa, maluwa ena amafuna masiku angapo kapena sabata, ndipo galasi lisasunthe nthawi yonseyo. Chikatuluka muchijambule ndi foni msanga kenako muchisunge mkati mwa buku, chifukwa chikakhala poyera kuwala kumapitiriza kudya utoto wotsalawo mpaka pepala lonse lifanane.